Kalabu ya m'komboni: mmene mpira wa ligi za m'munsi umayendera ku Chipata ya ku Lusaka

Kalabu ya mpira wamiyendo yosewera mu ligi za m'munsi mumzinda wa Lusaka ndi bungwe laling'ono, koma ntchito zake ndi zomwezo zimene matimu akuluakulu amagwira. Imayenera kulembetsa ku Football Association of Zambia, bungwe lomwe aliyense amangoti FAZ, kulembetsa osewera ake, kukhala ndi bwalo, kulandira matimu achilendo, kupita koyenda ndiponso kusamalira oyimbira masewero. Kusiyana kuli pa amene akuichirikiza. Zanaco ili ndi banki, Green Buffaloes ili ndi asilikali apamtunda, Red Arrows ili ndi asilikali a m'ndege, Nkwazi ili ndi apolisi, pomwe NAPSA Stars ili ndi bungwe la penshoni. Kalabu ya ku Chipata, Kanyama, Chawama, George, Mtendere kapena Kalingalinga ili ndi anthu a m'komboni momwemo basi. N'chifukwa chake sapota wa timu yotere amadziwa kayendetsedwe kake mpaka mkati. Wapampando amakumana naye pamsika, goloboyi ndi mwana wa mnansi wake, ndipo ndalama ya basi ikapelewera amene amagogoderedwa pakhomo ndi iyeyo.

Komboni ya Chipata ili kumpoto kwa mzinda, m'dera la phungu wa Mandevu, moyandikana ndi Marrapodi, Kabanana ndi Chazanga. Isasokonezedwe ndi mzinda wa Chipata wa kuchigawo cha kummawa, ngakhale Chinyanja chimamveka konsekonse m'malo awiriwa. Pafupi ndi komboniyi, m'mbali mwa msewu wa Great North, pali malo otchuka kwambiri pa mpira wa dziko lino: bwalo la National Heroes lomwe lidatsegulidwa mu 2014, bwalo lakale la Independence, manda a osewera ndi akuluakulu a timu ya dziko amene adafa pa ngozi ya ndege kugombe la Gabon mu April 1993, ndi Olympic Youth Development Centre yomwe idatsegulidwa mu 2010. Pa Heroes ndi pomwe timu ya anyamata osapitirira zaka 20 idagonjetsa Senegal 2-0 n'kutenga chikho cha Africa mu 2017. Mwana wa ku Chipata amakula akuona denga la bwalolo, koma mpira wake amayambira pafumbi, ndi chimpombwa chomanga ndi mapulasitiki.

Makwerero a ligi

FAZ idakhazikitsidwa mu 1929 ndipo idalowa mu FIFA mu 1964. Pamwamba pa mipikisano yake pali Super League, pansi pake pali ligi ya dziko lonse ya gawo loyamba, ndipo pansi pa imeneyo pali ligi za m'zigawo khumi za dziko, zomwe zimayendetsedwa ndi makomiti a FAZ a m'zigawomo. Chigawo cha Lusaka chili ndi magawo ake angapo, ndipo m'menemo ndi momwe muli makalabu ambiri a m'makomboni. Timu ikakhala pamwamba m'chigawo sikwera pompo, imakapikisana kaye ndi akatswiri a zigawo zina kulimbirana malo ochepa a mu ligi ya dziko lonse. Kunja kwa makwerero amenewa kuli mpira wina wochuluka wosalembetsa: wa ana, wa matchalitchi, wa zikho za pa Khirisimasi ndi pa tsiku la ufulu la 24 October, ndi wa madala, womwe amasewera abambo amene mawondo adayamba kuwavuta.

Mu 2019 Zambia idasintha kalendala ya mpira. Kale ligi inkayamba cha mu March n'kutha mvula ikuyamba. Tsopano imayamba cha mu August n'kutha cha mu May, kuti igwirizane ndi mipikisano ya CAF, bungwe la mpira la mu Africa. Kwa matimu okhala ndi mabwalo a kapinga ndi ngalande kusinthaku kudali kwa m'buku chabe. Kwa timu ya m'komboni kudatanthauza kuti pakati peniepeni pa ligi pamagwa nyengo ya dzinja, pamene madzi amadikha m'makomboni ngati Kanyama ndi Chawama, bwalo n'kusanduka thope.

Komiti ya papepala ndi thumba la munthu mmodzi

Malamulo a kalabu iliyonse amatchula wapampando, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma ndi mamembala a komiti. Pansi pawo pali kochi, womuthandiza, timu manenjala, ndi wosunga katundu, yemwe nthawi zambiri ndi yemwenso amathamangira m'bwalo ndi botolo la madzi wosewera akagwa. Mwa anthu onsewa kawirikawiri palibe amene ali pamalipiro. Kochi masana ndi mphunzitsi, mmisiri wowotcherera zitsulo kapena wosewera wakale amene mpira sudamuchoke m'magazi.

Masapota amadziwa kuti mndandanda wa maudindowu sunena zonse. M'makalabu ambiri muli munthu mmodzi amene thumba lake ndilo limayendetsa timu. Akhoza kukhala mwini bala, mwini maminibasi, wogulitsa simenti ndi midadada, kapena wogwira ntchito m'tauni amene adakulira m'komboni momwemo. Anyamata amamutchula kuti a Chair, ena ba Chair, ena amangoti a mudala. Iye ndi amene amalipira ndalama yolembetsera timu kumayambiriro kwa ligi, kugula mipira, kubwereka galimoto ndi kutulutsa kangachepe kothokoza osewera akapambana. Anthu oterewa ayenera kulemekezedwa, chifukwa ambiri amataya ndalama zawo zaka ndi zaka osayembekezera kubweza ngakhale ngwee. Koma kayendetsedwe kotere kali ndi vuto limene sapota aliyense wokhalitsa adalionapo. Bizinesi ya a Chair ikagwedezeka, timu imagwedezeka sabata yomweyo. Akasamuka, akadwala kapena akamwalira, kalabu imatha mwakachetechete, majezi n'kutsala m'chikwama kunyumba ya munthu. Ndipo popeza ndalama ndi zawo, mawu omaliza amakhalanso awo, mpaka kufika pouza kochi amene ayambe masewero ndi amene akhale pabenchi. Apa m'pamene pamayambira mikangano yambiri imene imagawa komiti.

Ndalama zina zimachokera kwa anthu wamba. Mamembala amasonkha pamwezi. Pa gulu la WhatsApp la masapota pamaikidwa nambala ya Airtel Money kapena MTN, ndipo mlembi amalemba mayina a amene atumiza, kuti amene sanatumize achite manyazi. Mwini kantemba amapereka madzi akumwa, mayi wa pamsika amapereka nthochi kapena maheu, telala amasokerera manambala pa majezi ogula pa salaula. Chaka cha chisankho chikafika, ofuna ukhansala ndi uphungu amabwera ndi majezi atsopano, mipira ndi zikho. Zimenezi zimathandiza, koma sizilipira ulendo wa mwezi wa February chaka chimene kulibe voti.

Kudalira anthu wamba chotere kuli ndi mbiri yake. M'zaka za boma la Kenneth Kaunda, migodi ndi makampani a boma ndiwo ankasamalira mpira, kuyambira matimu akuluakulu mpaka mabwalo ndi maholo a achinyamata. Makampaniwo atagulitsidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo kugulitsa migodi ya ZCCM kutatha mu 2000, chisamaliro chimenecho chidachepa kwambiri. Makomboni ngati Chipata, omwe adakula popanda mapulani a khonsolo, sadakhalepo n'komwe ndi kampani yowayang'anira. Masiku ano anthu ambiri amayang'ana ku thumba la chitukuko cha m'madera la CDF, lomwe mu 2022 lidakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Koma ntchito za thumbali zimadzera m'makomiti a chitukuko a m'mawodi, ndipo bwalo la mpira limapikisana ndi ngalande, madesiki a sukulu, madzi ndi zipatala. Kalabu yopanda mapepala olembetsera ndi akaunti yakubanki sipita patali pa mpikisano umenewo.

Bwalo

Makalabu a m'makomboni ochepa kwambiri ndiwo ali ndi bwalo lawolawo. Ambiri amabwereka la sukulu ya boma, la tchalitchi kapena malo a khonsolo, ndipo bwalo limodzi limagawidwa pakati pa matimu angapo, ana a sukulu, misonkhano yachipembedzo ndi ya ndale, ndi ophunzira kuyendetsa galimoto. Njira ya anthu opita kumsika imadutsa pakati pake. Lusaka Tigers ili ndi mwayi wosewera pa bwalo la Matero, ndipo City of Lusaka, timu yakale ya 1937 yomwe masapota ake amaitcha Yamoto, imadziwika ndi bwalo la Woodlands. Matimu a pansi pa amenewa alibe zotere.

Bwalo lopanda mpanda limabweretsa mavuto awiri. Loyamba ndi lakuti palibe geti, choncho palibe ndalama yapakhomo. Anthu mazana akhoza kuzungulira bwalo Lamlungu masana, ena atakwera pa midadada ya nyumba zosatha, koma kalabu n'kungopeza zimene zagwera m'chipewa chimene sapota wina wayendetsa pa nthawi yopumula. Lachiwiri ndi lalikulu koposa: malo osatchingidwa mumzinda wothithikana amakopa ofuna mapuloti. Nzika za Lusaka zakhala zikudandaula kwa zaka zambiri za mabwalo ndi malo osewerera ana amene adadulidwa n'kumangidwapo nyumba, mashopu ndi matchalitchi. Kudya kwake kumayambira m'mphepete. Lero pakona pamera maziko, chaka chamawa mzere wa bwalo wasunthidwa pang'ono kuti mpira usamagwere pa malata a munthu, mpaka bwalo lichepe moti woyimbira sangalole masewero a ligi. Masapota ambiri amene sadziwa ngakhale dzina la mlembi wa FAZ wa m'chigawo amadziwa bwino lomwe malire a bwalo lawo, ndipo ndi iwo amayamba kufuula akaona mchenga watsitsidwa pafupi ndi golo.

Tsiku la masewero

Ntchito imayamba mmawa. Anyamata awiri atatu amasesa miyala ndi magalasi osweka, kenako amakoka chingwe kuchokera pakona kufika pakona n'kumathira laimu ndi chitini chobowola pansi. Laimu akasowa amathira phulusa. Maneti sagona pabwalo, chifukwa sangafike mmawa. Amasungidwa kunyumba kwa wosunga katundu ndipo amabwera pa wilibala pamodzi ndi mbendera za m'makona, mipira ndi chigubu cha madzi. Chingwe china chimazungulizidwa bwalo kuti anthu asalowe, ndipo masapota akuluakulu angapo amavala zovala zowala kuti akhale alonda. Osewera amavalira m'kalasi ya sukulu kapena kuseri kwa khoma. Masewero asanayambe woyimbira amaitana mayina mmodzimmodzi, kuyerekeza nkhope ya wosewera ndi chithunzi cha pa khadi lake, kwinaku timu manenjala wa timu yachilendo akuyang'anitsitsa, chifukwa wosewera mmodzi wosalembetsa ndi wokwanira kulanditsa mapointi atatu pa tebulo.

Mu ligi za m'munsi ndalama ya oyimbira kawirikawiri imachokera kwa timu imene ili pakwawo. Dongosolo limeneli ndi gwero la kukayikirana kosatha. Woyimbira amene wapatsidwa ndalama ya basi ndi eni bwalo, amene wazunguliridwa ndi khamu lopanda mpanda, ndipo palibe wapolisi pafupi, amakhala pa mpanipani ngakhale atakhala wachilungamo chotani. Akapereka penate kwa eni bwalo, alendo amati wadya. Akaikana, ulendo wake wotuluka pabwalo umakhala wovuta. Masapota oganiza bwino amadziwa kuti chiwawa chimalangitsa kalabu yawo yomwe, ndi chindapusa kapena kuletsedwa kusewera pakwawo, ndipo ndi iwo amene amamuperekeza woyimbira mpaka pamsewu. Nkhani za mankhwala nazo sizisowa. Timu ina imakana kulowera pamene eni bwalo aloza, ina imathira madzi kapena mchere pagolo, ndipo m'makomiti ena mumakhala mkangano weniweni ngati ndalama yochepayo ipite kwa sing'anga kapena ku chakudya cha anyamata.

Ulendo wakoyenda ndiwo umadya ndalama zambiri. Masewero a ku Matero kapena ku Garden ndi apafupi, anyamata akhoza kukwera minibasi kapena kuyenda pansi. Koma chigawo cha Lusaka chimafika ku Kafue, ku Chongwe, ku Rufunsa mpaka ku Luangwa. Pamafunika kubwereka basi ya Rosa, ndipo ndalama ikachepa, timu yonse pamodzi ndi ng'oma za masapota imakwera kumbuyo kwa lole ya Canter. Timu ikalephera kufika, anzawo amapatsidwa mapointi osatuluka thukuta, ndipo ikabwereza kangapo ikhoza kuchotsedwa mu ligi. Matimu ambiri amene amatsika satsika chifukwa chosadziwa mpira, amatsika chifukwa cha mafuta a galimoto.

Osewera ndi mapepala awo

Wosewera wa ligi za m'munsi salandira malipiro apamwezi. Ena ndi ana a sukulu, ena ndi makondakitala, ena amaumba midadada, amagulitsa pa Soweto Market kapena amakhala m'kabuthu kotumizira ndalama pafoni. Zokonzekera zimachitika madzulo akaweruka, ndipo kochi sangakalipire mnyamata amene wajomba chifukwa adapeza ganyu. Akavulala, kalabu ilibe inshuwalansi. Masapota amasonkherana ya ku chipatala cha Chipata Level One kapena ku UTH, ndipo fupa likathyoka kwambiri, mpira wa mnyamatayo umathera pomwepo. Kubwera kwa nyumba zobetchera mpira m'makomboni kwawonjezera nkhawa ina, chifukwa mnyamata wopanda malipiro ndi wosavuta kumunyengerera.

Komabe chuma chenicheni cha kalabu yotere ndi anyamata omwewa. Timu ya m'komboni ili ngati nazale: mbande zikakula bwino zimakawokedwa m'munda wa wina. Zimenezi si zoipa, ndipo palibe sapota amene angafune kutsekereza mwana wa mnzake mwayi wopita ku Zanaco kapena kunja. Funso ndi lakuti kalabu imene idamulera imapezapo chiyani. Kawirikawiri imapatsidwa mipira ingapo ndi majezi, nthawi zina osapatsidwa kanthu, mnyamata atangotengedwa ndi munthu wodzitcha ejenti amene walankhula ndi makolo okha.

Malamulo a FIFA amateteza makalabu olera osewera m'njira ziwiri. Yoyamba ndi chipukutamisozi cha maphunziro, chomwe chimawerengedwa pa zaka zimene wosewera adaphunzitsidwa kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 21. Yachiwiri ndi yakuti wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina ali pa kontilakiti, 5 peresenti ya mtengo wake imagawidwa kwa makalabu onse amene adamusunga kuyambira zaka 12 mpaka 23. Kukula kwa ndalama zimenezi kumaoneka pa nkhani ya Patson Daka, yemwe adachoka ku Kafue Celtic kupita ku Red Bull Salzburg mu 2017, kenako ku Leicester City mu 2021 pa mtengo umene udamveka kuti udali pafupifupi mapaundi 23 miliyoni. Magawo asanu pa zana a ndalama imeneyo amaposa mapaundi miliyoni imodzi. Enock Mwepu adadzera njira yomweyo ya Kafue Celtic ndi Salzburg asanapite ku Brighton. Kuyambira mu 2022 FIFA ili ndi ofesi yake ku Paris, yotchedwa Clearing House, yomwe imalondola mbiri ya wosewera pa kompyuta n'kutumiza ndalama kwa makalabu oyenera.

Mfundo imene masapota ambiri saidziwa ndi yakuti dongosolo limeneli limangoona zimene zidalembedwa. Mwana amene adasewera zaka zinayi m'timu ya m'komboni osalembetsedwa ku FAZ, kwa FIFA sadasewereko kumeneko. Kochi akhoza kukhala ndi zithunzi, komboni yonse ikhoza kuchitira umboni, koma popanda dzina m'kaundula palibe chimene chingabwere. Choncho mlembi wosamala, amene amasunga zikalata zakubadwa, makalata a chilolezo cha makolo ndi makhadi a ana a zaka 13, ndi wofunika ku tsogolo la kalabu mofanana ndi womwetsa zigoli. Kunamiza zaka, komwe kudazolowereka m'mpira wa achinyamata, kumaononga zomwezi, chifukwa kumasokoneza mbiri imene kalabu ikanadzadyerapo.

Mpira wa atsikana watsegula khomo lina. Barbra Banda, yemwe adadzera ku Bauleni United Sports Academy ndi Green Buffaloes, adamwetsa zigoli zitatuzitatu m'masewero awiri otsatizana pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021, ndipo mu 2024 adagulidwa ndi Orlando Pride pa madola 740,000. Chiyambireni, makolo ambiri m'makomboni amene ankakaniza ana aakazi mpira adafewa mtima, ndipo makalabu ena ali ndi matimu a atsikana. Udindo wa komiti pamenepa ndi wolemera, chifukwa pamafunika amayi oyenda ndi timu, malo abwino ovalira, ndi malamulo omveka oteteza ana kwa akuluakulu amene angawachite chipongwe.

Kukwera ligi ndi mawu a sapota

Loto la sapota aliyense ndi kuona timu ikukwera, ndipo zitsanzo zilipo. FC MUZA ya ku Mazabuka idachokera pansi mpaka kumaliza pa nambala 2 mu Super League mu 2023, ndipo mwini wake Keith Mweemba adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa FAZ mu 2025, kulowa m'malo mwa Andrew Kamanga. Koma kukwera kumabwera ndi mtolo wake. Mu ligi ya dziko lonse maulendo ndi a ku Copperbelt, ku Livingstone, ku Solwezi kapena ku Chipata ya kummawa, yomwe ili pa mtunda wa makilomita oposa 500, ndipo pamafunika malo ogona, makontilakiti a osewera, kochi wa satifiketi ndi bwalo lotchingidwa. Timu ya m'komboni ikafika pamenepo imakakamizika kubwereka bwalo kutali ndi kwawo, ndipo anthu amene ankaionera ulere atangotuluka m'nyumba amayenera kukwera basi ndi kulipira pageti. Nthawi zina komiti imagulitsa malo ake mu ligi kwa munthu wachuma, dzina n'kusintha, timu n'kusamuka. Masapota amamva nkhaniyo itatha kale.

Pamenepa m'pamene pamaonekera kufooka kwa udindo wa sapota. Amathira laimu, amasonkha, amaimba ng'oma, amateteza bwalo, koma m'makalabu ambiri alibe voti, chifukwa palibe kaundula wa mamembala, ndipo msonkhano waukulu wapachaka umachitika mwa apo ndi apo kapena osachitika n'komwe. Makalabu amene amakhalitsa amasiyana ndi anzawo pa zinthu zooneka zazing'ono. Amakhala ndi khadi la umembala la mtengo umene wogulitsa tomato angakwanitse. Ndalama zimalowa mu akaunti ya kalabu yosainira anthu awiri kapena atatu, osati mu foni ya munthu mmodzi. Msungichuma amawerenga poyera zolowa ndi zotuluka, ngakhale zitakhala za malalanje ndi sopo wochapira majezi. Pangano la bwalo ndi sukulu kapena khonsolo limakhala lolembedwa ndi kudindidwa, kuti hedimasitala akasintha timu isathamangitsidwe. Malamulo a kalabu amanena momveka kuti dzina, malo a mu ligi ndi ndalama zogulitsa osewera ndi za mamembala, ndipo kuti a Chair, ngakhale atathandiza chotani, sangazigulitse popanda msonkhano wa mamembalawo.